Yankho kwa achimwene ofuna maraki ndi mezzanine mu shedi ku Kanengo

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma foni inali itatsala pang'ono kuzima nde ndinati ndiyankhe lero nditakhala pansi bwinobwino. Kwa amene simunalione poti pagulu pano mauthenga amathamanga, akuluwa akuti ali ndi shedi ya lendi ku Kanengo, amagulitsa feteleza, mbewu, mafuta ophikira ndi zamakatoni, malo awachepera, nde akufunsa ngati kuli bwino aitane owotcherera awapangire maraki a mapaleti ndi kachipinda kam'mwamba kaja amati mezzanine, kapena angoitanitsa akaunjika ku Joni. Ineyo ntchito imeneyi ndaigwira zaka ndithu ku Johannesburg, ndinayamba ngati wonyamula zitsulo mpaka ndinadzakhala kapitawo wa anyamata oika maraki, nde zomwe ndinene apazi si zongomva.

Za zitsulo ziikeni kaye pambali. Ndikudziwa mtima uli pa kotesheni, koma nkhani yonseyi mwini wake ndi pansi pa shedi yanuyo, konkire yake ndi yokhuthala bwanji, ndipo dothi la pansi pake analitsendera bwino kapena anangothirapo n'kusalaza. Tiyeni tiwerengere limodzi. Paleti ya matumba 20 a makilo 50 ndi tani imodzi. Mukaika mapaleti awiri pa mitanda iliyonse, ija timati ma beam, n'kukwera katatu, ndi matani 6 pa chipinda chimodzi cha raki. Mu mzere wautali felemu iliyonse yapakati, miyendo iwiri yolumikizana yomwe mitanda imakolowekapo, imasenza theka la uku ndi theka la uko, nde ndi matani 6 omwewo pa miyendo iwiri, matani 3 mwendo umodzi, pomwe mwendowo waponda pa kambale kachitsulo kosaposa zikhatho zanga ziwiri. Matumba omwewo mukawasanja pansi kulemera kumamwazikana pena paliponse, koma pa raki konse kumatsikira pa kamalo kamodzi, ndipo mizere iwiri ikapatsana misana miyendo imayandikana nde pamenepo konkire imamva zenizeni.

Oika maraki ambiri safuna konkire yochepera mamilimita 150. A landilodi mukawafunsa adzakuuzani kuti aaa apa m'polimba, malole amalowa, musawatsutse koma tengani dirilo mukaboole pakona ndi pakati, malo atatu anayi, muone nokha. Nditangobwera kumudzi kuno anandiitana pa shedi ina ku Blantyre, zitsulo atagula kale zili mulu panja, pansi posalala pokongola mpaka kumadziona nkhope. Nditaika dirilo sinalowe olo kutalika kwa chala changa chapakati, ndinangomva yapepuka fwaa, kutulutsa nsonga yake ili ndi mchenga wachinyezi. Kanali kakonkire kopyapyala kopakidwa simenti yosalaza pamwamba basi. Bwana wake anandikwiyira ngati ndaphwanya ndine, koma mapeto ake tinadula pansi m'mizere momwe mudutse miyendo, kukumba, kuthira konkire ina ya zitsulo mkati n'kudikira masiku 28 kuti ikhwime, zitsulo zija zikuchita dzimbiri panja ndi mvula. Akanaboola asanagule bwenzi zonsezi atazikonzeratu.

Chachiwiri, mu funso lanu simunatchule forklift. Ngati mulibe ndipo simukuganiza zogula, maraki a mapaleti si anu, ndanena mosabisa. Ndaonapo anthu atamanga raki ya mamita 5 kenako anyamata aganyu akukwera ngati anyani thumba lili paphewa, akuponda timizitsulo topingasa tam'mbali tija tomwe ntchito yake ndi kugwira felemu kuti isapotoke. Kwa katundu wonyamula pamanja pali mashelefu amphamvu aja amati longspan, ofika mamita awiri ndi kakusefukira, munthu amafikira ataima pansi kapena pa kamakwerero kakafupi, ndipo ndi otchipa kwambiri. Ngati forklift ilipo, ndi iyoyo yomwe imalamula kukula kwa njira zapakati. Wamba ija ya dizilo kapena gasi imafuna mamita 3.5 mpaka 4 kuti itembenuke ili ndi paleti. Reach truck, forklift ya m'njira zopapatiza, imakwana pa mamita osafika 3 koma ndi ya batire, nde ndi kuzimazima kwa magetsi kuno muganize kawiri, komanso matayala ake amafuna pansi posalala zedi. Muonenso kuti imakweza mpaka pati ndi kulemera kwanji, kambale kolembedwa manambala amenewa kamakhala pafupi ndi mpando wa dalaivala, chifukwa forklift yolembedwa matani 2.5 sikweza matani 2.5 ikafika kumwamba kwenikweni.

Kenako paleti. Ofala kuno, ochokera ku South Africa, ndi a mamilimita 1200 kwa 1000, a ku Ulaya ndi 1200 kwa 800. Mtanda wa 2700 umakwana awiri a ku Joni mbali ya 1200 itayang'ana kunjira, kapena atatu a ku Ulaya mbali ya 800 itayang'ana kunjira, ndipo pakati pawo pazitsala mpata wa mamilimita 75 mpaka 100 kuti dalaivala asamakhulitse. Kuya kwa felemu kumatsatiranso paleti, felemu ya 900 kwa paleti yolowa 1000, ya 1100 kwa yolowa 1200, kuti paletiyo izitulukira pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Vuto lathu kuno ndi mapaleti okhoma akalipentala, lililonse saizi yakeyake, lina thabwa lapansi palibe, lina chiswe chinalowa kale. Pansi limagwira ntchito bwinobwino koma m'mwamba lagona pa mitanda iwiri yokha, pakati pali phompho, likathyoka zigubu za malita 20 zija, chilichonse pafupifupi makilo 19, zimatsika zonse nthawi imodzi.

Tsono maganizo anga pa katundu wanuyo ndi oti feteleza musamukweze pa raki. Ndi wolemera, ndi wamtundu umodzi wambirimbiri, amabwera nthawi imodzi n'kutuluka nthawi imodzi dzinja likamayandikira, nde kumusanja pansi pa mapaleti, kusiya mpata ndi khoma, kumadya malo ochepa kuposa raki yomwe theka la shedi limathera njira za forklift. Chinanso urea amakoka chinyezi ndipo fumbi la feteleza limadya chitsulo, miyendo ya raki imayamba kuola kumapazi komwe simuyang'ana. Mumpatse mbali yakeyake kutali ndi mafuta ophikira. Raki ikhale ya mafuta, mbewu ndi makatoni, zomwe ndi mitundu yambiri ndipo mumafuna kutola chilichonse osasuntha chinzake. Mukatero mwina mupeza kuti mukufunika theka chabe la maraki omwe mumaganiza.

Nkhani ya owotcherera, ndisalakwire anthu, tili ndi amisiri aluso ndithu ndipo mageti, masitepe, zotchinga kumapazi a raki kuti forklift isagunde, zonsezo apatseni. Koma raki yeniyeniyo ayi. Chitsulo cha raki ya kufakitale ndi chopyapyala koma cholimba mwapadera, anachipinda mwa mtundu wake, anachiyesa, ndipo wopanga amakupatsani pepala loti mitanda iwiri iyi isenze makilo akuti, felemu matani akuti. Ya angle iron yowotcherera palibe angakuuzeni nambala, mmisiri adzangoikwera n'kudumphadumpha n'kunena kuti olo njovu ikhoza kugonapo. Ndipo ikagundidwa mwendo umodzi simungamasule n'kusintha, mpaka kudula.

Akaunjika a ku Joni alibe vuto, ambiri omwe tinkaika ifeyo anali omasula m'mashedi ena, bola pakhale munthu wanu wokaona ndi maso osati kugula pa zithunzi za pa WhatsApp. Choyamba adziwe kampani yomwe inapanga, ndipo zonse zikhale za kampani imodzi, chifukwa timano ta mitanda timasiyana, pena timalowa ndithu m'mabowo a felemu ya kampani ina koma sitikhala bwino, kulemera kumatsamira pa dzino limodzi. Atenge chitsulo chowongoka cha mita imodzi azigoneka pa mwendo uliwonse. Muyezo womwe amatsata ku Ulaya, EN 15635, umati mpata ukaposa mamilimita 3 kopindikira kutsogolo kapena kumbuyo, kapena 5 kopindikira cham'mbali, mwendowo wavulala. Mamilimita 3 ndi kanthu kochepa zedi, ndi maso simungakaone. Wowongoledwa ndi moto, wowotchereredwa pakati, wadzimbiri kumapazi, asiye olo atatsitsa mtengo bwanji. Awerengenso timapini totsekera mitanda, tiwiri pa mtanda uliwonse, timeneti ndi tomwe timaletsa mtanda kuzuka dalaivala akaukankha ndi mafoloko kuchokera pansi, ndipo pa akaunjika ndi tomwe timasowa, anthu n'kumalowetsamo misomali. Poti lole yake idutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza, kuphatikiza za MRA ndi kusowa kwa forex, gulirani limodzi miyendo ingapo, mitanda ndi mapini apadera, musadzadikire miyezi chifukwa cha mwendo umodzi.

Poika penipeni sipovuta ngati anthu sakuthamanga. Timayamba ndi kujambula mizere pansi ndi chingwe cha choko, kuimika chipinda choyamba, kuyeza ngodya ndi ngodya mopingasa kuti miyezo iwiriyo ifanane, kuika levulo pa mwendo uliwonse, pomwe pansi patsika timalowetsa timbale tachitsulo topyapyala, osati thabwa kapena katoni chonde. Chipinda choyamba chikapotoka mzere wonse umatsatira. Mabawuti apansi timamanga pomaliza mzere utawongoka, phazi lililonse, bowo lipemereredwe fumbi lichoke kaye, ndipo asayandikire mng'alu kapena polumikizira konkire. Mukadzaika katundu mtanda umawerama pang'ono, ndi mmene ulili, koma wa 2700 usapose mamilimita 13 kapena 14 pakati pake, ndipo mukatsitsa katundu uzibwerera. Ukapanda kubwerera watha ntchito. China chomwe anyamata a mu shedi amakonda ndi kuchotsa mtanda wapansi kuti palowe katundu wamtali. Muwaletse, mwendo ukatalika wopanda chougwira mphamvu yake imatsika kwambiri, manambala a pa pepala la wopanga lija sakhalanso oona.

Mezzanine ndiye nkhani ina, imeneyo ndi nyumba yosanja mkati mwa nyumba ndipo pansi pake pazidutsa anthu. Pamafunika injiniya wa zomangamanga wovomerezeka awerengere ndi kusaina, mapulani apite ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, a landilodi avomere polemba osati pakamwa, a inshuwalansi nawo muwauze. Zambiri zosungira katundu wopepuka amaziwerengera pafupifupi makilo 500 pa sikweya mita. Zimamveka zambiri eti, koma matumba awiri ogoneka atenga kale pafupifupi sikweya mita, mukasanja kasanu ndi matumba 10, makilo 500 akwana mulu usanapitirire m'chiuno. Nde tsiku lomwe lole yabwera pansi podzadza, kapitawo n'kunena kuti kwezani m'mwambamo kaye mawa tichotsa, ngozi imayambira pamenepo. M'mwamba muziika makatoni opepuka, matumba opanda kanthu, kaofesi, basi.

Nsanamira zake zimasenza kuposa miyendo ya raki, kawirikawiri pamafunika kudula pansi n'kuthira maziko akeake. Isakoloweke pa khoma la njerwa kapena pa zitsulo za denga, iime payokha ndi zopingasa zake, tisaiwale kuti dziko lathu lino limagwedezeka, Salima 1989, Karonga 2009. Shedi ikhale yotalika mamita 5 kapena kuposa mpaka pomwe payambira denga, apo ayi m'mwambamo muziyenda chowerama, ndipo mu Okutobala pansi pa malata pamatentha moti mbewu ndi mankhwala a mbewu musayerekeze kuikako. Mpanda wa m'mbali ufike mita 1.1, ukhale ndi chitsulo china pakati ndi kathabwa kumapazi kuti katoni isatsetsereke n'kugwera munthu, ndipo pokwezera paleti paikidwe geti lija loti ukatsegula kutsogolo kumbuyo limatseka, osati kacheni. Akakuikirani matabwa a chipboard a mamilimita 38 yambani mwamata denga, akanyowa amafufuma ngati buledi. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha antchito pa olemba ntchito, nde chikagwa adzafunsa inuyo osati wowotcherera.

Poti ndi ya lendi, zonse zikhale zomanga ndi mabawuti kuti tsiku losamuka mudzamasule n'kunyamula, ndipo mu pangano mulembe kuti zitsulozo ndi zanu, ena amadzati chilichonse chokhomedwa pansi ndi cha nyumba. Mukapita ku shediko mawa yezani mulitali, mulifupi ndi kutalika mpaka pa chitsulo chotsikitsitsa cha denga, mujambule pansi makamaka pomwe pali ming'alu, kambale ka forklift ngati ilipo, ndi paleti imodzi tepi ili pamwamba, muponye pompano tione. Dirilo ija musaiwale, nsonga yake ikhale yaitali yoposa mamilimita 200.