Ndisiye ntchito chifukwa cha bandi? Yankho langa kwa achimwene ena

Achimwene ena andilembera imelo, akuti masana amagulitsa mu shopu, madzulo amaimba gitala mu bandi ya rock ndi anzawo, ndiye akufunsa ngati asiye ntchitoyo kuti alimbikire zoimba zokhazokha, ngakhale bambo awo akuti gitala sadyetsa munthu.

Achimwene, funso lanuli landipweteka mumtima chifukwa mawu a bambo anuwo ine ndinawamvanso pakhomo pathu. Tinali ndi kabandi kathu ku Ndirande tili anyamata, ng'oma zinali zobwereka ku tchalitchi, amplifaya imodzi yokha tonse timalumikiza momwemo, ndipo woimba besi wathu anali ndi luso loti mpaka lero sindinamvenso wina wofanana naye. Tinali ndi nyimbo zathuzathu zopeka tokha, osati zokopera ayi. Koma ndalama ya situdiyo panalibe, aliyense ankati tidzajambula zikadzayenda bwino, kenako wina anapita ku Joni kukasaka maganyu, wina anakwatira, wa besi uja anadwala n'kumwalira. Nyimbo zonse zija zinapita naye, palibe ngakhale kaseti imodzi. Ndikamalemba izi ndimayesa kukumbukira mmene ankayambira nyimbo ina yake koma mutu wanga ukukana, ndipo zimandiwawa kwambiri.

Ndiye mukandifunsa za kusiya ntchito ine maganizo anga amathamangira kwa Emmanuel Chanda wa ku Zambia, uja amamutcha Jagari chifukwa pa siteji ankavina ngati Mick Jagger, woimba wa bandi ya ku England ya Rolling Stones. Bandi yake ya WITCH inachokera ku Copperbelt, dera la migodi ya kopa, m'zaka za m'ma 1970 inali bandi yaikulu zedi ya Zamrock, rock ya ku Zambia, chimbale chawo cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975. Nthawi imeneyo pulezidenti wa Zambia Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, ndiye mabandi ngati Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi ndi Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga anali ndi msika. Kenako mtengo wa kopa unagwa, anthu ndalama zogulira malekodi kapena kulipira pakhomo zinatha, pambuyo pake Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anakaphunzira zauphunzitsi, anaphunzitsa, kenako anakhala wokumba miyala yamtengo wapatali, munthu amene ankadzaza maholo ali m'dzenje ndi fosholo. Anzake onse amene anayamba nawo bandi ija anamwalira.

Chinamubweza pa siteji n'chiyani? Malekodi. Kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, azungu anazimva n'kupenga nazo, bambo uja anayambanso kuzungulira ku Europe ndi ku America ndi anyamata atsopano, mpaka mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Zikanakhala kuti nyimbo zija sizinajambulidwe bwenzi lero palibe amene akumudziwa kunja kwa Zambia.

Ndipo apa ndinene mosabisa, ine zimandikwiyitsa anthu amene amauza achinyamata kuti woimba weniweni sagwira ntchito ina, akuti ukagwira ntchito ndiye kuti sukhulupirira luso lako. Bodza limenelo, ndipo ambiri olankhula choncho ali ndi makolo owalipirira lendi. Anyamata a Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu pamene prodyusa wa ku America Ian Brennan anawapeza n'kuwajambula, anakafika mpaka ku WOMAD, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku England. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambirimbiri, babatoni (besi yaikulu ya nsambo imodzi) yopanga okha ndi kagitala ka nsambo zinayi, asanakwere ndege kupita ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, pano nyimbo zawo zimatuluka ku kampani ya malekodi ya Bongo Joe ya ku Geneva. Palibe mwa amenewa amene anadikira kuti zinthu zikhale bwino kaye.

Chinanso chimandipweteka n'choti nthawi zambiri amayamba ndi akunja kuona kuti tili ndi chuma. A Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, amene anasunga zambiri za nyimbo zawo ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria. Allan Namoko, bambo wosaona wa ku Thyolo uja, mbanjo yake timaitama lero koma ali moyo tinamusamala bwanji? Ife timadikira munthu afe kaye kapena akaimbe ku London ndiye tiyambe kunena kuti ndi wathu.

Nanga inuyo mupange chani?

Ntchito musasiye pakadali pano. Malipiro a mwezi uno patulani kandalama, mupite ku situdiyo ndi anzanuwo mukajambule ngakhale nyimbo ziwiri, zikavuta jambulani pa foni pompano ku pulakatisi. Mafayilo onse musunge nokha malo angapo, osangowasiya mu kompyuta ya prodyusa. Mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, mugwirizanenso polemba kuti nyimbo iliyonse anapeka ndani ndalama zisanayambe kubwera. Bambo anuwo musakangane nawo, tsiku lina muwaitane adzakuonereni mukuimba. Za kusiya ntchito mudzaziganizire mashoo akadzayamba kukulipirirani lendi miyezi yotsatizana.