Karma ya pa Facebook si ya ku India: yankho kwa achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati karma ndi yomwe ija timati choipa chitsata mwini, komanso kuti dharma imene imatchulidwa limodzi nayo n'chiyani. Ambiri akuyankhani kale kuti eya, n'chimodzimodzi. Ine ndikuti zimangofanana pamwamba. Karma imene timalemba muno tikamva kuti amene analanda mwamuna wa mnzake nayenso wathawidwa, Mhindu atayiwerenga sangayizindikire.

Chiphunzitsochi chili m'zipembedzo zinayi zimene zinayambira ku India: Chihindu, Chibuda, Chijaini ndi Chisiki. Chinayamba kumveka bwino m'malemba otchedwa Upanishad, zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, pamene mphunzitsi Yajnavalkya ananena kuti munthu amakhala wabwino chifukwa cha ntchito zabwino, woipa chifukwa cha ntchito zoipa. Kufika apa mukhoza kuti n'za kwathu zomwe. Pamene pasiyana ndi pa nthawi. Otsatira zipembedzozi amakhulupirira kuti munthu akafa amabadwanso, n'kufanso, n'kubadwanso, ndipo kuzungulira kumeneku amati samsara. Zimene wachita lero zikhoza kukupeza mawa, komanso zikhoza kudikira mpaka moyo wina, uli m'thupi lina, mwina losakhala la munthu n'komwe. Ndiye amene anathawa ndi ndalama za banki m'khonde akhoza kukalamba akudya bwino, pamaliro pake magalimoto ali mbwee, Mhindu osadabwa. Ngongole ikadalipo, kungoti inu simudzakhalapo pamene azidzabweza. Ndipo mukamasekerera tsoka la mnzanu, pa chiphunzitso chomwechi nanunso mukudziunjikira yanu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale karma yabwino si cholinga chenicheni. Ntchito zabwino zingakubadwitse pabwino, ngakhale kumalo a milungu, koma mphamvu yake ikatha umabwereranso pamzere. Chimene iwo amafuna ndi kutulukiratu m'kuzunguliraku. Ahindu ndi Ajaini amati moksha, Abuda amati nirvana. Asiki, otsatira Guru Nanak amene anabadwa mu 1469, amati ntchito zimakupatsa thupi, koma chipulumutso chimabwera mwa chisomo cha Mulungu.

Zipembedzozi sizigwirizana pa zonse. Buddha anati karma ndi cholinga cha mumtima: kuponda nyerere mosadziwa si mlandu, koma kukonza chiwembu ndi mlandu ngakhale usanatukule dzanja. Anakanitsitsanso zoti mavuto onse a munthu amachokera ku zimene anachita kale. Munthu wina dzina lake Sivaka atamufunsa, iye anatchula ndulu, makhololo, kusintha kwa nyengo, kusadzisamala ndi kumenyedwa ndi ena monga zoyambitsa zowawa. Kunena kwina, malungo akhoza kungokhala malungo basi. Ajaini ndiye amapita patali kuposa onse. Kwa iwo karma ndi tinthu tosaoneka timene timamatirira pa mzimu n'kuulemetsa, makamaka munthu akavulaza chamoyo. N'chifukwa chake mudzaona amonke ena achijaini atavala zoyera, kansalu kali pakamwa, m'manja muli kachisache kofewa kosesera pamene akufuna kukhala kuti asaphwanye kachilombo. Madzi amasefa, dzuwa likalowa sadya, ndipo okhwima pa chipembedzo sakhudza mbatatesi, anyezi kapena adyo chifukwa kuzizula kumapha chomera chonse pamodzi ndi tizilombo ta m'dothi.

Tsopano dharma. Ngati karma ndi zotsatira za zochita, pamafunika chokuuza kuti choyenera kuchita n'chiti. Ndiyo dharma: udindo wako, malinga ndi chimene uli, msinkhu wako ndi malo ako pakati pa anthu. Dharma ya mwana wasukulu ndi ina, ya bambo wapabanja ndi ina, ya nkhalamba imene yasiya za dziko ndi inanso. Nkhani imene Ahindu amaphunzitsira zimenezi ili mu Bhagavad Gita, mavesi 700 a mkati mwa ndakatulo yaikulu ya Mahabharata. Arjuna, katswiri woponya mivi, waima pa galeta lake pa bwalo la nkhondo la Kurukshetra. Akuyang'ana gulu la adani, akuona asuweni ake, agogo ake a Bhishma amene anamulera, ndi a Drona amene anamuphunzitsa kugwira uta. Miyendo yalefuka, m'kamwa mwauma, uta wapulumuka m'manja. Akuti bola kupemphetsa kusiyana n'kupha akuluakulu ake. Krishna, mulungu wa Ahindu amene akumuyendetsera galetalo, akumuuza kuti anyamuke amenye, chifukwa iye ndi wankhondo ndipo nkhondo yachilungamo ndiyo dharma yake. Akumuuzanso chinsinsi chake: gwira ntchito yako osaika mtima pa phindu lake, ukatero ntchitoyo siikumanga ku samsara. Apa ndi pamene karma ndi dharma zimalumikizana. Mahatma Gandhi, amene ankadana ndi chiwawa, ankaikonda nkhaniyi koma ankati nkhondoyo ndi ya mumtima mwa munthu. Ine sindikhutira kwenikweni ndi kumasulira kumeneko, poti mu Mahabharata anthu akufadi, ndipo a Bhishma akugona pa mivi.

Kwa Abuda dharma ndi chiphunzitso cha Buddha, chimene anayamba kulalikira ku Sarnath pafupi ndi Varanasi. Gudumu la masipoko 24 limene lili pakati pa mbendera ya India linatengedwa pa chipilala chimene mfumu Ashoka anaimika ku Sarnath komweko, ndipo likuimira dharma.

Koma pali mbali yowawa imene okonda kulemba "karma" pa sitetasi saidziwa. Mu Gita momwemo muli mawu akuti bola kuchita dharma yako molakwitsa kusiyana n'kuchita ya mwini bwinobwino. Malemba akale anagawa anthu m'magulu anayi: ansembe, ankhondo, amalonda ndi antchito. Pansi pa onsewa panali ena amene ankati n'ngosayenera kuwakhudza, amene lero amadzitcha Adaliti. Chandogya Upanishad imanena poyera kuti wa makhalidwe abwino adzabadwa m'gulu lapamwamba, wa oipa adzabadwa galu, nkhumba kapena munthu wonyozekayo. Mukaphatikiza ziwirizi, wochotsa zonyansa m'zimbudzi za anzake akuuzidwa kuti anadzipalira yekha m'moyo wakale, ndipo akapirira pa ntchitoyo mwina adzabadwa pabwino. Kwa ine apa chiphunzitso chinasanduka goli.

B. R. Ambedkar, amene anabadwa mu 1891 m'gulu lonyozekali, anakula ndi zimenezi. Kusukulu ankakhala pa chiguduli chake chobwera nacho kunyumba, ndipo akamva ludzu sankaloledwa kukhudza mpopi; ankadikira mesenjala wa pasukulupo kuti amutsegulire, ndipo mesenjalayo akajomba ndiye kuti tsiku limenelo madzi palibe. Mu 1927 iye ndi anzake anatentha Manusmriti, buku lakale la malamulo a Chihindu limene limachirikiza kugawa anthu m'maguluku, ku Mahad. Ndi yemweyo amene anatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, ndipo gawo 17 linaletsa mchitidwe wosala anthuwa. Pa 14 October 1956 ku Nagpur analowa Chibuda pamodzi ndi anthu mazanamazana a masauzande. Ahindu ambiri lero amakana zoti dharma ya munthu imachokera pa kubadwa, amati imachokera pa khalidwe ndi luso lake, ndipo mkangano umenewu ku India ukadali mkati.