Achimwene musanakwere forklift ya ku foundry ija mvani zanga kaye

Achimwene ndangowerenga zoti akuitanani ku foundry, fakitale yosungunula zitsulo, ya ku Germiston ku Joni mukayendetse forklift, mtima wanga wagunda moti nsima ndaisiya pambale kuti ndikuyankheni pompano. Ntchito imeneyo ine ndinagwira zaka zitatu cha ku Wadeville komweko ndipo mpaka lero kabudula sindivala chifukwa cha mmene mwendo wanga wakumanja ulili. Mukuti munazolowera forklift ya ku warehouse, inde makina ndi omwewo, koma kuno katundu wake ndi moto.

Chitsulo amachisungunula mpaka madigiri 1400 kapena kupitirira, chimayenda ngati phala la mwana. Pamwamba pake pamayandama zinyalala zija timati slag, amazikokolola nkuthira mu chimphika chachitsulo, ndiye iwe wa forklift ntchito yako nkunyamula chimphikacho kukakhuthula panja. Aliyense kumeneko amadziwa kuti slag imayenera izizire kaye komanso pokhuthulapo pakhale pouma gwaa, chifukwa pamwamba imaoneka yakuda yolimba ngati nkhoko za mumphika koma mkati mwake mukadali moto wamadzimadzi. Madzi akatsekeredwa pansi pa chinthu chotentha choncho amasanduka nthunzi kamodzinkamodzi, lita imodzi imafufuma kuposa ka 1600, ndiye nthunziyo ilibe potulukira, imaphulika basi.

Unali mwezi wa Januwale 2023, nthawi ija ya stage 6 magetsi akuzima maola ambirimbiri patsiku, ine ndili pa shifiti yausiku. Madzulo ake kunagwa chimvula chija cha ku Joni chamabingu, sichinathe ndi ola lomwe koma bwalo lonse linali madzi okhaokha. Magetsi amati azima 10 koloko ndiye aliyense ali kalikiliki kuti ng'anjo ikhuthulidwe chitsulo chisaumire mkati, poti chikaumira mabwana amaluza ndalama zankhaninkhani. Miphika ya slag inali iwiri yokha, wachitatu unang'aluka kalekale osagula wina. Kapitawo anabwera akukuwa kuti nyamula uwu ukakhuthule ubwere nawo msanga. Ndinamuuza kuti bwana uwu angouthira kumene komanso panja panyowa. Anandiyang'ana m'maso nkundiuza kuti ngati ntchito sindikuifuna pageti pali anthu akudikira, komanso akudziwa kuti pemiti yanga yatsala pang'ono kutha. Abale inu mukudziwa mmene mawu amenewo amalasira munthu woti ana ako ku Dedza akudikira fizi ya teremu yachiwiri. Ndinakwera.

Getsi la panja linali lakupsa, la pa forklift limayaka limodzi, ndipo zimenezo ndinakhala ndikulemba pa pepala la checklist, lolembapo zowonongeka pa makina, milungu iwiri yathunthu palibe anakonza. Pamalo pokhuthulira paja panali pokumbika, madzi anadzaza ndipo mchenga wakuda wa mu foundry unayandama pamwamba moti ukayang'ana mumdima umvekere ndi dothi louma. Ndinaima, ndinakweza mafoloko, ndinapendeketsa. Nkhoko ija inasweka ndikuona ndi maso angawa, moto wofiira unatsika pang'onopang'ono ngati uchi. Phokoso lake sindinalimve ndi makutu, ndinalimva pachifuwa ngati wina wandiponda ndi bondo, kenako kunawala ngati masana ndipo zidutswa zamoto zinayamba kugwa ngati matalala. Denga la forklift lija ndi zitsulo zopingasa chabe, analipangira kutchinga mabokosi akamagwa, zamadzi zimangodutsa m'mipatamo. Paipi ya hydraulic inapsa, oyilo anathovoka nkuyaka pamaso pangapa, ndipo kumsana kwangaku kuli silinda ya gasi. Lamba ndinali ndisanamange, tonse timangomulowetsa kumbuyo kwa mpando, ndiye ndinadumpha nkugwera m'matope.

Ndikudzuka ndi pamene ndinamva kuti phazi langa likupsa mkati mwa nsapato. Kachidutswa kanalowera pakamwa pa buti nkukakhala pa kakolo. Buti yake yazingwe, ine ndavala magolovesi, manja akunjenjemera, mfundo ija osamasuka, ndikukuwa amayi anga dzina ngati kamwana. Ovolosi imene anatipatsa inali yosakaniza ndi polyester, siyaka ngati thonje ayi, imasungunuka nkumatirira pakhungu ngati jumbo yogwera pambaula. Fungo lake lija ngati akuwawula mbuzi, ndipo unkadziwa kuti ndiwe. Mpaka pano ndikadutsa powotcha kanyenya nthawi zina mseru umandigwira. Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wina wa ku Tete, timayankhulana Chichewa chomwechi, anathamanga nkudula zingwe ndi mpeni, kundikokera pa mpopi nkutsegula madzi pa mwendo mphindi ngati 20 osasiya ine ndikumutukwana ndi ululu. Anamwino anadzandiuza kuti madzi amenewo anathandiza kuti bala lisalowe kwambiri. Ena anathamanga ndi zozimitsira moto silinda ija isanatenthe, ikanaphulika bwenzi tikunena za maliro angapo.

Koma kapitawo uja abale, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Atatuluka anayamba wazungulira forklift kuona mmene yawonongekera ine ndili gone pa simenti. Ambulansi sanaitane, anandikweza kumbuyo kwa bakkie, ndipo munjira akundiuza kuti ukafika ukanene kuti wapsa ndi pulaimasi kunyumba, kampani ikusamala, ukanena za kuntchito abwera a boma ndipo nkhani ya mapepala ako ituluka. Ine ndi ululu ndi mantha ndinanenadi choncho. Bodza limenelo landizunza kuposa bala. Ndinagona m'chipatala milungu isanu, anasenda khungu pantchafu nkumata pa kakolo ndi pa katumba, iye sanabwere olo tsiku limodzi, olo kutumiza botolo la madzi. Mkazi wanga kumudzi ankangodabwa kuti pa Mukuru sipakulowa kanthu, ine ndikumunamiza kuti kampani yachedwa kulipira poopa kuti BP yake ikwera.

Nditatuluka ndi ndodo anandiitana ku hearing, mlandu wake akuti ndinakhuthula slag pamalo onyowa mosatsata malamulo komanso sindinamange lamba. Munthu yemwe uja anandituma ndi pakamwa pake anakhala pampando nkunena kuti iye sanaone chilichonse. Mapepala a checklist aja anasowa onse. Kampani ikuti iwe si wathu ndiwe wa labour broker, kampani yobwereketsa antchito ku makampani ena, broker akuti ngozi inachitikira kwa iwowo ife sizikutikhudza, kumangondiponyerana ngati mpira wachikulunga. Ntchito inathera pomwepo. Zoti pali lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, COIDA la 1993, loti bwana ayenera kukanena ngozi ku Compensation Fund pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2, ndinadzazimva mochedwa kwa shop steward wina, woimira antchito m'bungwe lawo la NUMSA, amene timakhala naye yadi imodzi. Ndi iyeyo anandiuzanso kuti ngati bwana akubisa wekha ukhoza kulemba fomu ya W.Cl.3, nthawi imeneyo malire ake anali miyezi 12, ndiye ndinathamangira, koma khadi la kuchipatala linalembedwa pulaimasi moti ndinavutika kufuna mboni, mnzanga wa ku Tete uja ndi amene analimba mtima. Zokadandaula kuti andichotsa mopanda chilungamo nthawi yake ndi masiku 30 okha, kaya ku CCMA kaya ku bargaining council ya zazitsulo ija MEIBC, mabungwe oweruza mikangano ya pantchito, ine masiku amenewo anadutsa ndili chigonere m'chipinda kulira.

Ndipo musaganize kuti choopsa ndi slag yokha. Sikirapu yonyowa kapena paipi yotsekeka mbali zonse ikalowa mu ng'anjo imaphulika chimodzimodzi, ndipo woibweretsa kuchokera panja ndi inuyo. Pamwamba pamadutsa kireni itanyamula ladle, chimphika chodzaza chitsulo chosungunuka, musadzayerekeze kudutsa pansi pake olo akuuzeni kuti changu. Phokoso ndi loti hutala yanu palibe amaimva, anthu avala zotseka m'makutu, ndiye pakona iliyonse muziyesa kuti pali munthu. Pansi pamakhala mchenga, buleki sigwira ngati pa simenti yosesa. Ndiye fumbi la mchengawo ndi silica, lomwe lija linadwalitsa zifuwa agogo athu a ku Wenela, silipweteka lero koma limakhala m'mapapo osatuluka, masiki musamaivule olo kutenthe bwanji. Madzi akumwa muziyenda nawo, kutentha kwa kumeneko kumachititsa chizungulire uli pa chiwongolero.

Lamba muzimanga achimwene. Ndikudziwa kuti ine ndinatha kudumpha chifukwa sindinamange, mwina ndikanamanga bwenzi nditapsera pampando, koma ngozi imene imapha oyendetsa ambiri ndi kugubuduzika, munthu amadumpha denga lija nkumupsinja. Ikamagwa chammbali gwirani chiwongolero zolimba, pondani mwamphamvu, pendekerani mbali imene sikugwerayo. Layisensi yanu ikhale yeniyeni ya kusukulu yovomerezeka osati zogula pakona, ndipo imatha pa zaka ziwiri, tsiku la ngozi chinthu choyamba kufunsa ndi chimenecho. Buti mupemphe ya foundry yopanda zingwe yoti muvule ndi phazi linzake, buluku lizikhala pamwamba pa buti osalipisira mkati, zovala zamkati za thonje zokhazokha, majezi a mpira aja asiyeni kunyumba. Checklist iliyonse muziijambula pa foni musanapereke. Akakutumani zoopsa kanani, lamulo la chitetezo pantchito la 1993 limati bwana ndiye ayenera kuonetsetsa kuti malo ndi otetezeka, kanani pamaso pa anthu kuti pakhale mboni. Ine sindinakane ndipo sindinama, atandiopsezanso choncho lero ana ali ndi njala sindikudziwa ngati pakamwa pangatseguke, koma inu kanani ndithu.

Ntchitoyo musaikane ayi, masiku ano kupeza ya fulutaimu kuno nkovuta ndipo ma rate a zazitsulo amaposa a ku warehouse, ine ndinamangira nyumba ya malata kumudzi ndi ndalama yomweyo. Mng'ono wanga weniweni sindingamulole kuti apite, koma inu ndinu wamkulu muli ndi banja mukudziwa mavuto anu. Tsiku loyamba muwapemphe akuonetseni pokhuthulira slag, muone ngati pali denga, ngati madzi amadikha, muwerenge miphika kuti ilipo ingati, mufunsenso kuti kontirakiti mukusainayo ndi ya kampani kapena ya broker. Mukabwerako mundipeze ku inbox mundiuze zimene mwaona, ndikutumiziraninso zithunzi za mwendowu muonetse alamu.