Mwana wanga akufuna masitazi ya zojambula, koma ndikuopa ndale

Funso: Mwana wanga wamkazi anamaliza digiri ya zaluso ndipo akufuna kukachita masitazi. Ndi wachialubino, ndipo zojambula zake zonse n'zokhudza nkhanza zimene anthu ngati iye amakumana nazo. Kodi si ndale zimenezi? Nanga adzadya chiyani? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mantha anuwa sakuchokera kumwamba. Ife tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi sitinaiwale kuti mlakatuli Jack Mapanje anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu. Komabe musamuletse.

Taonani Samson Kambalu, katswiri wa zaluso wa kuno ku Malawi. Anaphunzira ku Chancellor College kwanu komweko, masitazi n'kukachitira ku Nottingham Trent. Mu 2022 chiboliboli chake chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London. Anachitengera pa chithunzi cha 1914, pomwe John Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, m'nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anangomutalikitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo. Sanalembepo mawu otukwana aliyense. Chipewa chokhacho chinakwanira.

Apa ndiye pali ntchito ya mwana wanu. Osankha ophunzira amayamba ndi portfolio, kutanthauza zojambula zimene wopempha malo wasankha kuti aonetse luso lake, kenaka pepala lofotokoza kafukufuku amene akufuna kuchita. Mkwiyo, ngakhale uli woyenera, sapereka nawo malikisi. Asankhe zojambula zochepa zimene zingalankhule zokha iye atakhala chete, ndipo afufuze mphunzitsi amene wagwirapo nkhani zotere asanasankhe dzina la yunivesite. Ngati akujambula anthu ena achialubino, ayambe wapempha chilolezo chawo, ndipo asaonetse mudzi kapena nyumba imene akukhala. Inu mukudziwa chifukwa chake kuposa ine.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'china. Mabungwe akadzamudziwa, adzayamba kumuitana pa 13 June pokha, tsiku lokumbukira anthu achialubino, ngati kuti sangajambule msika, agogo ake kapena phiri la Zomba. Aphunzire kukana mwaulemu, ndipo akavomera azilipiritsa.

Za chakudya, sindikunamizani, ojambula ambiri amadya za uphunzitsi kapena zokonza mabuku ndi zikwangwani. Ayambe ntchito yotere panopa. Thandizo la Chevening, lolipirira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain, limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, choncho zaka zimenezo sizipita pachabe.