Kambuzi kanu kakulira chifukwa kali kokha

Mayi wina wandifunsa pa WhatsApp kuti anagulira ana kambuzi kamodzi koti azisewera nako pakhomo, koma kakungolira usana ndi usiku, iwo akangolowa m'nyumba ndiye phokoso basi. Akuti kodi kakudwala?

Mayi, ngati kakudya bwino, kakubzikula kakagona komanso manyi ake ndi timibulu touma, sikakudwala ayi. Kakusowa anzake. Mbuzi ndi chiweto cha gulu, ikakhala yokha imachita mantha ngati kuti fisi ali pafupi, ndiye poti palibe mbuzi ina kakutenga inuyo ngati gulu lake, nchifukwa chake kakukulondolani mpaka kukhitchini. Galu kapena nkhuku sizingalowe m'malo mwa mbuzi inzake. Pezani ina ya msinkhu wofanana, yaikazi kapena yofula, koma masabata awiri oyamba ikhale payokha muone ngati ilibe matenda. Zikadzakumana zidzagundana mitu, musazilekanitse msanga, zikungofuna kudziwa wamkulu ndani, pakapita masiku ochepa muzipeza zagona pamodzi.

Bambo wina naye akuti katonde kawo kayamba kugunda ana. Apa ndiyankhule mosabisa, nthawi zambiri timaphunzitsa tokha, ana amakankha mutu wa kambuzi kakali kakang'ono nkumaseka, iko nkumaona ngati ndi anzake ogundana nawo. Kakakula nyanga zija zimavulaza. Aletseni masewera amenewo, ndipo ngati si tonde wa mbewu itanani alangizi a ziweto amufule. Kununkha kuja ndi kudzikodzera kundevu ndi khalidwe la tonde, si matenda.

Mbuzi yaikazi ikamalira kwambiri nkumagwedeza mchira tsiku limodzi kapena awiri, kenako nkubwerezanso pakatha masiku ngati 21, ikufuna tonde. Ikatenga bere muwerenge miyezi 5.

Kukwera pamiyala ndi kubudula masamba a mitengo ndiye moyo wa mbuzi, muziimangirira lukina kapena gilisidiya m'mwamba osati kutaya pansi, zopondedwa siidya. Mvula imadana nayo, ndiye nthawi ya dzinja mukaimangirira pachingwe pakhale pobisala ndi madzi akumwa. Majumbo tolani, ikameza amatsekereza m'mimba.

Imene ine imandidetsa nkhawa ndi mbuzi yoti yangoti zii, yadzipatula, yazolika mutu, yasiya kubzikula kapena ikukukuta mano. Imeneyo musadikire mawa, imbirani alangizi tsiku lomwelo.