Zaka 15 zake ziti kuno ku Moatize?

Achimwene, mwafunsa kuti AC, makina oziziritsa m'nyumba aja, imakhala zaka zingati kuno ku Moatize, ku Mozambique. Zaka 10 mpaka 15 zimene akuuzanizo n'zoona, koma n'za AC yoikidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Yanga ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa), yatsopano ya m'katoni, sinafike ngakhale theka la pamenepo.

Mmisiri amene anandiikira sanakoke mpweya m'mapaipi ndi pampu. Anangomanga manati, kuyatsa, ndalama m'thumba, ulendo. Polumikizira paipi pankatuluka gasi. Ikangosiya kuziziritsa, iye amvekere, "Gasi watha bwana, tiwonjezere." Abale, gasi wa AC satha ngati wophikira! Amangozungulira momwemo. Akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kompuresa, injini imene imapopa gasiyo, ikamagwira ntchito ndi gasi wochepa imatentha mpaka kupsa. Iyeyo ankadziwa zimenezi, koma ine ndinali munda wake wokololamo mameticais.

Inafa usiku mu Okutobala, nthawi ija masana kumapitirira madigiri 40. Mwana ali ndi malungo, thupi ngati moto. Ndinangomva chigawo cha AC chokhala kunja kwa nyumba chikulira modabwitsa, kenako phuu, fungo la waya wopsa, nyumba yonse mdima. Makoma otentha, malata akulavulabe kutentha kwa masana. Kutsegula zenera, udzudzu ndi fumbi la malasha. Mayi ake akunyowetsa zitenje n'kumamufunditsa, ine ndikumukupiza ndi katoni, thukuta kamukamu, mwana akulira mpaka mawu kutha. Foni ya mmisiri uja? Yozima. Kutacha akuyankha mopanda manyazi kuti vuto ndi magetsi a m'nyumba mwanga. Mtengo wa kompuresa ina umene ananditchulira unangotsala pang'ono kufanana ndi wa makina atsopano. Munthu uja Mulungu amuone.

Tsono inu, tsukani masefa a AC, otchinga fumbi aja, pafupifupi masabata awiri alionse, fumbi la kuno silicheza. Chakunjacho chikhale pamthunzi podutsa mphepo. Ikani chotetezera magetsi, chifukwa akazima n'kubwera mwamphamvu amawotcha kapasita ndi bodi, zipangizo zamagetsi za m'kati mwa AC. Poika AC muimirire pomwepo mpaka muone pampu yokoka mpweya ija ikugwira ntchito.

Koma kunena zoona, musataye ndalama zambiri pa yatsopano. Ine pano ndili ndi yakale yogula kwa munthu, anandiikira mnyamata wina wapamsika wopanda ngakhale pepala la sukulu, ndipo ikuziziritsa bwinobwino. A ku Ulónguè ndi ku Tsangano, kozizira kuja, musatiseke, inu gulani mabulangete basi.