Kwa msungichuma watsopano wa bungwe la madokotala ku Kasungu

Adokotala, funso lanu ndaliona. Mwati anzanu akusankhani kukhala msungichuma wa bungwe la madokotala a mabanja ndi ma clinical officer a m'boma la Kasungu, ena a pachipatala cha boma, ena a zipatala za mishoni monga ku Mtunthama ndi ku Nkhamenya, enanso eni makiliniki pa tauni. Amene analipo inu musanalowe akusiyirani kope la mayina, ndalama ili pa Airtel Money yawo, ndipo mukufunsa kuti muyambire pati. Mwafunsanso ngati n'kwabwino kumabwereketsa ndalamayo kwa mamembala kuti izibereka m'malo mongokhala. Ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama, ndiye ndikuyankhani mosapsatira.

Yambani ndi kuchotsa ndalamayo m'foni ya munthu, kaya ndi yawo kaya yanu. Sindikunena kuti pali wakuba ayi. Nkhani ndi yakuti ndalama ya bungwe ikagona pa nambala imodzi ndi ndalama yanu ya mafuta, ya mayunitsi a magetsi ndi ya fizi ya ana, tsiku lina mudzagula mayunitsi usiku osadziwa kuti mwatapa ya ndani. Mudzabweza, inde, koma pofika pa msonkhano waukulu wa pachaka simudzatha kulongosola bwinobwino, ndipo munthu mmodzi akangofunsa mokayika, mbiri yanu yada kale. Komanso nambala ya foni ndi ya mwini wake. Akasamutsidwa kupita ku Nsanje, ndalama yapita naye. Akatisiya, achibale adzaiwerengera pa chuma cha masiye, ndipo inu mudzasowa pepala loonetsa kuti inali ya bungwe.

Tsono tsegulani akaunti ya ku banki m'dzina la bungwe. Ku banki adzafuna malamulo oyendetsera bungwe lanu, maminitsi a msonkhano umene munagwirizana zotsegula akaunti ndi kusankha osainira, ziphaso za unzika za osainirawo, ndiponso umboni woti bungwe ndi lolembetsedwa. Mabungwe ambiri a mtundu wanu amalembetsa ku ofesi ya Registrar General pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, ndipo mukatero bungwe limatha kukhala ndi katundu ndi akaunti m'dzina lake. Mutengenso TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA. Zolembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, muziganizire pamene mwayamba kufuna thandizo la mabungwe akunja kuti muzichita ntchito za m'midzi. Pa mlingo umene muli panopa, chofunika msanga ndi akaunti. Mukaitsegula, funsani a banki ndi a kampani ya foni kuti akulumikizireni njira yoti membala azitumiza kuchokera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalama n'kugwera molunjika ku akaunti ya bungwe osadutsa m'manja mwanu.

Osainira akhale atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri. Apa anthu ambiri amasankha potengera ulemu, n'kuika dokotala wamkulu amene amakhala kutali kapena amangokhala ku misonkhano ku Lilongwe. Mapeto ake amasainiratu macheke opanda kanthu kuti ntchito isaime, ndiye chitetezo chonse chija chathera pomwepo. Sankhani anthu oti awiri mwa iwo amapezeka pa boma sabata iliyonse. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama yalowa kapena yatuluka uzipita kwa inu komanso kwa wapampando. Ndipo inu amene mukulemba mabuku musakhale wovomereza nokha kuti ndalama igwiritsidwe ntchito. Wopempha alembe, wapampando kapena mlembi avomereze, inu mulipire. Zimaoneka ngati zotaya nthawi pa gulu la anthu odziwana, koma wotetezedwa woyamba ndinuyo.

Za mabuku musachite mantha. Simukufunika pulogalamu ya pa kompyuta yodula. Kope lolimba chikuto kapena Excel basi, lokhala ndi tsiku, nambala ya risiti, dzina la wopereka kapena wolandira, chifukwa chake, yolowa, yotuluka ndi yotsala. Chimene ndimaumirira ndi choti mzere uliwonse ukhale ndi pepala kumbuyo kwake. Tiyerekeze tsiku la maphunziro a CPD, oonjezera luso kwa amene ali kale pa ntchito, Loweruka. Mwalipira holo, mwagula zakumwa ndi masikono, mwabwezera thiransipoti anzanu ochokera ku Santhe, ku Chamama ndi ku Kaluluma. Risiti ya holo ilipo, ya m'sitolo ilipo, koma wakabaza ndi wa minibasi sapereka risiti. Pamenepo konzani pepala limodzi la mayina: dzina, kochokera, ndalama yolandira, nambala ya foni, siginecha. Munthu asaine cholembera chili m'manja ndalama isanafike m'thumba mwake. Madzulo omwewo, musanavule nsapato, phatikizani mapepala onsewo ndi sitepula kumbuyo kwa vawucha imodzi, mulembe nambala yake m'kope. Mukati mudzachita Lolemba, Lolemba mudzakhala muli ku wodi ya ana ndi mzere wa odwala malungo kufika panja, ndipo risiti ya holo idzachapidwa m'thumba la gawuni.

Mwezi ukatha tengani sitetimenti ya ku banki muifananize ndi kope lanu mzere ndi mzere. Kusiyana kambiri kumachokera ku ndalama zimene banki imadula posunga akaunti ndi potumiza, ndiye nazonso zilembeni ngati zotuluka. Mukamaliza, ikani chidule chake pa gulu lanu la WhatsApp: tinali ndi zakuti, zalowa zakuti, zatuluka zakuti pa ntchito yakuti, zatsala zakuti. Mizere isanu ikwana. Koma mayina a amene sanalipire musawaike pagulu. Dokotala amene mwamuchititsa manyazi pamaso pa anzake sabwera kudzalipira, amangotuluka m'gulumo mwakachetechete. Mulembereni payekha, ndipo kalata yachitatu ichokere kwa wapampando.

Pa sonkho wa umembala, musayambe ndi funso loti anthu angakwanitse zingati. Yambani ndi ntchito zimene mukufuna kuchita pa chaka: maphunziro kangati, msonkhano waukulu, ulendo wa nthumwi yanu kukakumana ndi anzanu a m'maboma ena, zodula za banki, wodzaona mabuku. Werengerani mtengo wake, muonjezerepo kagawo ka zogwa mwadzidzidzi, kenako mugawe ndi chiwerengero cha amene amalipiradi, osati onse olembedwa m'kope muja. Mukagawa ndi mayina onse, bajeti idzaoneka yokongola pa pepala koma pofika pakati pa chaka thumba lidzakhala litauma.

Muikenso m'malamulo anu kuti sonkho uziunikidwa chaka ndi chaka. Tonse tikukumbuka kuti Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Bungwe limene linasiya sonkho wake pomwe unali kale likutolera ndalama yomweyo pa pepala, koma holo, mafuta ndi chakudya zinakwera kalekale. Kukweza pang'ono chaka chilichonse anthu amakulandira. Kudikira zaka zinayi n'kudzawirikiza kamodzi n'kumene kumabweretsa mkangano.

Sonkho usakhale umodzi kwa onse. Clinical officer amene wangoyamba ntchito sangafanane ndi katswiri kapena mwini kiliniki. Magawo awiri kapena atatu akwana. Kalipiridwe nakonso kasiyane. A m'boma ndi a zipatala za mishoni za pansi pa CHAM amalandira pa mwezi, choncho alimbikitseni kusainira ku banki kwawo kuti kandalama kazidulidwa kokha malipiro akangolowa. Eni makiliniki kuno ku Kasungu ndalama yawo imayenda ndi ya alimi. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, odwala amalipira ndipo ngongole zakale zimabwezedwa. Mu January ndi February odwala amachuluka koma ambiri amabwera chimanjamanja. Ndiye munthu wa kiliniki mupempheni sonkho wa chaka chonse pakati pa May ndi July, osati nthawi ya njala. Muthanso kumuchotserako pang'ono wolipira chaka chonse kamodzi.

Ndipo anthu amalipira akaona chimene akupindula. Chida chanu chachikulu ndi CPD, poti a Medical Council of Malawi amafuna mapointi amenewa munthu akamakonzanso chiphaso chake chogwirira ntchito. Ngati bungwe lanu likukonza maphunziro ovomerezeka pompano pa Kasungu, membala wapulumutsa ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe ndi malo ogona. Wolipira sonkho alowe ulere kapena motsika mtengo, wosalipira alipire mtengo wonse pakhomo. Mudzaona kuti simukufunikanso kuthamangitsa anthu.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lobwereketsa. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikupemphani kuti mulimbe mtima pamenepa chifukwa adzakukakamizani. Maganizowa amachokera ku banki m'khonde, imene imayendadi bwino m'madera ambiri. Koma banki m'khonde inapangidwira ntchito yomweyo: aliyense amaponya masheya ake, amakumana sabata ndi sabata, ndipo kumapeto kwa chaka amagawana n'kuyambanso. Sonkho wa bungwe lanu si sheya ya munthu. Ndi ndalama yoti ichite ntchito yakutiyakuti pa tsiku lakutilakuti. Ikakhala m'manja mwa wobwereka pamene holo ikufuna kulipiridwa, maphunziro alephereka.

Palinso china chimene anthu sanena poyera. Inu ndinu gulu lochepa kwambiri. Maphunziro a ukatswiri wa udokotala wa mabanja (Family Medicine) anayamba m'dziko muno mu 2015, ku College of Medicine imene lero ili mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ophunzira oyamba akuphunzirira pa chipatala cha Mangochi. Choncho pafupifupi nonse mumadziwana. Uyu anakuphunzitsani, uyo munagona naye hositelo imodzi, winayo ndi bwana wanu amene amasainira tchuthi chanu. Kodi mudzatha kupita kwa bwana wanu kukamuuza kuti ngongole yake yadutsa miyezi itatu? Simudzatha. Mudzakhala chete, mamembala ena adzadziwa, nawonso adzasiya kubweza, kenako adzasiya ndi sonkho womwe. Ndaonapo bungwe la anthu ophunzira bwino likutha chonchi popanda aliyense wotchedwa wakuba, anthu kungosiya kuyankha mauthenga. Amene akufuna ngongole auzeni alowe SACCO, kapena ayambitse banki m'khonde yawo yapadera yokhala ndi komiti ina, msungichuma wina ndi buku lina.

Nkhawa yanu yoti ndalama yongokhala ikutha mphamvu ndi yoona. Chitani chonchi: siyani mu akaunti yoyendetsera ntchito ndalama yokwana miyezi itatu kapena inayi, yotsalayo muike pa fixed deposit, akaunti yosunga ndalama kwa nthawi yoikika kuti ibereke chiwongoladzanja, kapena funsani banki yanu za ma Treasury Bill, mapepala obwereketsera boma ndalama, amene amagulitsidwa kudzera ku Reserve Bank of Malawi, a masiku 91, 182 ndi 364. Sankhani nthawi yoti ndalama ikhwime msonkhano waukulu usanafike. Chiwongoladzanja chake mwina sichingapose kukwera kwa mitengo ya zinthu, koma ndalama imabwera pa tsiku lake ndipo simudana ndi munthu. Chigamulo chimenechi chilembedwe m'maminitsi a komiti, chisakhale chanu nokha.

Thumba la zachisoni lipatuleni. Ife Amalawi sitingakhale pa gulu n'kusiya mnzathu yekha pa maliro, ndipo n'zoyenera kutero. Koma maliro awiri kapena atatu otsatizana amatha kudya bajeti yonse ya maphunziro. Pakhale chopereka chake chapadera, tsamba lake m'kope, ndi lamulo lolembedwa lonena kuti chipepeso n'chochuluka bwanji pa membala, pa mkazi kapena mwamuna wake, pa mwana ndi pa kholo. Mugwirizane zimenezi lero kulibe maliro. Kukambirana chiwerengero uthenga wa imfa utafika kale kumapweteketsa mitima, ndipo wina adzati kwa uje munapereka zambiri.

Makampani ogulitsa mankhwala adzabwera kufuna kulipirira maphunziro anu. Sindikuti muwakane, koma ndalama yawo ilowe mu akaunti ndi kalata yonena ntchito yake, osati mu envelopu kwa wapampando. Mutu wa phunziro ndi wophunzitsa muzisankha ndinu, ndipo m'lipoti la pachaka mutchule kuti wakutiwakuti anathandiza ndi zakuti. Odwala amakukhulupirirani kuti mankhwala amene mwalemba mwawalemba chifukwa ndi oyenera. Chimodzimodzi ma alawansi a komiti: bwezani thiransipoti yeniyeni pa mtengo umene msonkhano waukulu unavomereza, ndipo musayambitse chizolowezi cholipirana pongokhala pansi.

Chaka chikatha, mabuku aonedwe ndi munthu wa kunja kwa komiti. Pamene muli ochepa, mamembala awiri osankhidwa pa msonkhano waukulu atha kuchita zimenezi mothandizidwa ndi akauntanti wodziwa ntchito. Ndalama zikadzakula, kapena mukadzalandira thandizo la kunja, pezani odita wovomerezeka amene ndi membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'dziko muno.

Sabata ino chitani ichi musanachite china chilichonse. Khalani pansi ndi amene mwawalowa m'malo, wapampando ali pomwepo. Atulutse sitetimenti ya nambala yawo ija, muwerengere limodzi zimene zinalowa ndi kutuluka za bungwe, mulembe chotsala pa pepala limodzi pamodzi ndi mayina a amene ali ndi ngongole ya sonkho, nonse atatu musaine. Ngati pali ndalama yosalongosoka, ilembeni momwe ilili, komiti ikagamule. Musailandire pakamwa pokha n'kuilowetsa m'buku lanu latsopano. Akaunti isanatsegulidwe, auzeni mamembala aimitse kaye kutumiza sonkho, ndipo ndalama ili kwa anzanuwo idzapite ku banki molunjika tsiku limene nambala ya akaunti yatuluka.